Mphindi khumi za makaniko wa pa Jenala

Pikapu ikayamba kutsokomola pa Jenala, mwini wake saganiza za Blantyre. Amaitana anyamata atatu anayi, nkuikankhira pansi pa mtengo pomwe dothi lidada kalekale ndi oyilo wakupsa. Galaja ndi imeneyo. Chikwangwani palibe, pali bokosi la zitsulo, jeke, miyala yotchingira matayala, ndi mmisiri wovala ovolosi yomwe mtundu wake woyamba udaiwalika.

Ntchito imachuluka nandolo akauma. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mapikapu a kuno sagona: matumba a nandolo, mpendadzuwa, mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa, madengu a matemba, ndipo pamwamba pa katunduyo anthu a matola atagwirira mapewa a anzawo. Ena amalowera ku Jali mpaka ku Zomba, ena ku boma la Phalombe mpaka ku Chitakale. Koma katundu weniweni sali m'mbali mwa msewu waukulu ayi. Ali m'midzi, komwe galimoto imodzi ikadutsa, yotsatira imayenda mumtambo wa fumbi. Fumbi limeneli ndilo limadyetsa amakaniko, ndiponso ndilo limawayesa nzeru.

Pagalaja aliyense amadziwa malo ake. Mkulu ndiye amamvetsera injini ndi kunena mtengo. Pambuyo pake pali anyamata a sipanala, omwe chaka chawo choyamba chimathera kutsuka ziwiya m'beseni la petulo ndi kuthamangira "teni" kapena "seventini" akakuwiridwa. Wowotcherera ndi wa matayala amakhala chapafupi, aliyense ndi kashedi kake. Ndiye pali wa magetsi, munthu wosowa, amene nthawi zambiri amachita kumuimbira foni kuti abwere pa njinga yamoto. Owerengeka adapita kusukulu za ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba kapena Soche ku Limbe, ndipo kuchokera pomwe bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999 njira yopezera pepala idatseguka pang'ono. Ambiri komabe adaphunzira kwa malume awo, kapena kwa bwana wina ku Ndirande yemwe ankawalipira ndi nsima ya masana.

Maphunziro oterowo adali okwanira pa injini za kale. Hilux ya dizilo ya 3L kapena 5L, Nissan 1400, Isuzu KB yakale, zonsezi makaniko ankazidziwa ndi khutu, mphuno ndi chala. Kabuleta ikavuta, ankaimasula, kuipemerera, kupotoza kasikuluu mpaka injini itayamba kulira bwino. Chilichonse chinkaoneka ndi maso. Koma mapikapu omwe lero tikuwatchula akale si a nthawi imeneyo. Nissan Hardbody ya petulo ya injini ya KA24, Hilux ya 3RZ, ngakhale D-4D ya dizilo, zakalamba ndithu, zasinthana manja kangapo mpaka kufika kumudzi, koma zili ndi kompyuta mkati. Ndipo kompyutayo imadalira kachipangizo komwe kali pakati pa eyakilina ndi injini, komwe amakaniko amangokatchula kuti eyafulo.

Ntchito yake njosavuta kuimvetsa. Kuti petulo apse bwino pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kompyuta siingadziwe mafuta oti itumize isanadziwe mpweya womwe walowa, ndiye eyafulo ndi amene amayeza nkuiuza. Akanama, injini yonse imatsatira bodzalo.

Alipo a mitundu iwiri omwe makaniko wa kuno angakumane nawo. Wakale kwambiri, wa pa injini za Toyota monga 22R-E ndi 3VZ-E, ndi bokosi la aluminiyamu lokhala ndi kachitseko mkati. Mpweya ukamalowa umakankha kachitsekoko, sipiling'i nkumakabweza, ndipo kadzanja kolumikizidwa nako kamatsetsereka pa kanjira kakuda ka magetsi. Kanjirako kakaperepeseka pamalo amodzi, galimoto imagwedera ikafika pa liwiro lomwelomwelo tsiku lililonse. M'bokosi lomweli mulinso swichi ya pampu ya mafuta: kachitseko kakapanda kutseguka, pampu imaima. Nchifukwa chake galimoto imatha kulira kamphindi nkuzima, makaniko nkugulitsa mwini wake pampu yatsopano pomwe yakaleyo idalibe mlandu. Mtundu winawo ulibe chilichonse choyenda. Muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi kotenthedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha ndiwo muyeso wa mpweyawo. Fumbi losakanikirana ndi nthunzi ya oyilo likamata kawayako, kamakhala ngati kafunda bulangeti, sikamvanso mphepo bwino, ndipo kamauza kompyuta zochepa.

Mwini galimoto sanena zonsezi. Amangoti, "Achimwene, ikumwa kwambiri, ndipo pachitunda ikumakana." Ena amati ikutulutsa utsi wakuda, ena amati ikumazima akaponda kilatchi. Vuto nlakuti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi mapulagi otha, fyuluta ya mafuta yotsekeka, kapena petulo wa m'zigubu yemwe adafala pa nthawi ya kusowa kwa mafuta. Apa ndi pomwe amisiri amasiyana. Wopupuluma amayamba kumasula. Wodekha amayamba wayang'ana paipi yakuda ya labala yochokera pa eyafulo kupita ku injini, nkuipinda pang'ono kuti aone ngati ili ndi ming'alu kunsi kwa makwinya ake. Mpweya wolowera pamng'alu sudutsa pa muyeso, ndiye ngakhale mutagula eyafulo watsopano wa m'bokosi, matenda amakhala omwewo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pa zoyeza za kawaya, ena amazula pulagi yake nkuliza injini: ikayamba kuyenda bwinoko popanda chipangizocho, wokayikiridwa wapezeka, ngakhale kuti mlandu sunathe. Pa Toyota zakale, wodziwa amatenga kachidutswa ka waya nkulumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi koyezera, kenaka amawerenga kuphethira kwa nyali ya injini pa dashibodi. Palibe makina okwera mtengo apa, nkudziwa chabe.

Kusintha kwenikweniko nkwachidule mochititsa manyazi. Amazimitsa galimoto, kumasula waya wa negetivi pa batire, kuzula pulagi, kumasula kilampu ya paipi ndi timabawuti tingapo, kuchotsa chakale, kuika china moyang'anitsa komwe mpweya umalowera, kumanga, basi. Msampha uli pa pulagi ya mtundu wa kachitseko uja. Imagwiridwa ndi kawaya kopindika komwe kamafuna kutokosedwa kuti pulagi ituluke. Mnyamata wosadziwa amaona tisikuluu tiwiri pambali pake nkutimasula, kukoka, ndipo mawaya a mkati amaduka. Chipangizo chomwe mwina chidali chabwinobwino chimafera m'manja mwake. Msampha wina ndi kutsuka. Kawaya kotentha kaja kamafuna sipuleyi yotsukira za magetsi, osakakhudza, nkukasiya kaume. Pagalaja pomwe chilichonse chimatsukidwa ndi petulo ndi mswachi wakutha, ambiri afa imfa yotere.

Chovuta ndi kupeza cholowa m'malo. Pa Jenala mungapeze mapulagi, mafyuluta, mabelti ndi oyilo woyezera m'botolo, koma eyafulo ndi ulendo wa ku Limbe kapena ku Ndirande. Makaniko wochenjera amajambula nambala ya pa chipangizocho, chifukwa ziwiri zimatha kufanana nkhope koma nkumayankhula zosiyana ndi kompyuta. Za Toyota za kawaya nambala yake nthawi zambiri imayamba ndi 22204, za Nissan ndi 22680, koma manambala otsatirawo ndiwo amanena injini yake. Kumeneko amakasankha pakati pa chogwirapo kale ntchito chochotsedwa m'galimoto yangozi, ndi chatsopano chotsika mtengo chomwe bokosi lake limakongola kuposa ntchito yake. Amisiri ambiri amakonda chakalecho, bola chikhale chenicheni. Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa sakulonjezanso kuti mtengo wa lero ukhala womwewo Loweruka. Ndipo za magetsi akagulitsa salola kubweza.

Tsono ifike nthawi yolipira. Galimoto yalira bwino, utsi watha, mwini wake wazungulira nayo mpaka pamsika nkubwera akumwetulira. Akamva mtengo, nkhope imasintha.

"Aaa, madala, mwangomanga timabawuti tiwiri tokha. Ngakhale malaya simunadetse."

"Nanga bwanji simunamange nokha, bwana?"

Kukangana kumeneku ndakumva kangapo, ndipo ine ndili kumbali ya makaniko. Kwathu kuno timalipira thukuta. Munthu akatsitsa giyabokosi, tsiku lonse ali chagada m'fumbi, timatulutsa ndalama osawiringula, chifukwa taona wavutika. Koma amene waima mphindi khumi akumvetsera, kupinda paipi, kuyeza ndi mita, nkutipulumutsa ku pampu ndi mainjekita omwe tikadagula pachabe, timamuona ngati watibera. Zotsatira zake amakaniko ena adaphunzira phunziro loipa: ntchito yaing'ono aziikulitsa. Amamasula zambiri kuti mwini galimoto aone ziwiya zitayalidwa pa chiguduli, mtengo nkumveka. Injini yomwe idangofuna sipuleyi imagona pagalaja masiku atatu.

Eni magalimoto nawonso ali ndi gawo lawo pa kupha eyafulo. Eyakilina ikadzaza fumbi, dalaivala amaitulutsa nkuimenyetsa pa tayala, kapena kuipopera mpweya wa kompulesa mpaka pepala lake litabooka timabowo tosaoneka. Ena amayenda chivindikiro chake chili chomangidwa ndi linya chifukwa zotsekera zidathyoka. Fumbi lonse la m'misewu ya kumunda limapita molunjika pa kawaya kaja. Dzinja limabwera ndi lake. Namondwe wa Freddy atakokolola milatho m'boma la Phalombe mu Marichi 2023, magalimoto ankawoloka pamadzi, ndipo eyakilina ikanyowa, matope ake amathera pomwepo.

Anyamata omwe akukula pantchitoyi lero ali ndi chida chomwe mabwana awo adalibe. Kamakina koyezera kotsika mtengo kolumikiza pansi pa chiwongolero kamatumiza manambala pa foni, ndipo P0100 kapena P0101 ikaoneka, mnyamata amalengeza monyadira kuti ndi eyafulo. Kuseri amanong'onezana kuti tsobola wakale sawawa. Koma nambalayo imangonena dera lomwe kuli vuto. Waya wodyedwa ndi khoswe, m'galimoto yomwe imagona pafupi ndi matumba a chimanga, amatulutsanso nambala ya m'gulu lomwelo, ndipo amene amakumbukira kuyang'ana zimenezi kawirikawiri ndi mkulu uja. Komanso kamakinako sikayankhula ndi injini za nthawi ya TE1, moti pamenepo foni imabwerera m'thumba.

Ambiri mwa anyamatawa sakhalitsanso pa magalimoto. Njinga zamoto za kabaza, ma Lifo ndi ma SanLG, zachuluka kuposa mapikapu kutalitali, zimawonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake amalipira pompopompo chifukwa akufuna kubwerera pa siteji. Zambiri mwa izo zikadali za kabuleta. Madzulo mukadutsa pamtengo paja mupeza njinga zisanu zitazungulira mnyamata mmodzi, pomwe mkulu wakhala pa tayala pafupi ndi Hardbody yotsegula boneti, akudikira minibasi yochokera ku Limbe yomwe kondakitala wake wanyamula kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala.