Mankhwala akaleka kupha tizilombo kudimba

Alimi anzanga, chilimwe chathachi ndinapopera matimati anga katatu konse, koma akangaude ofiira sanathe. Mankhwala ake anali omwe aja ndawadalira kwa zaka zambiri. Nditadandaula pamsika, anzanga anati ndinagula achinyengo. Achinyengo alipodi, koma nthawi zina chomwe chasintha si mankhwala ayi, ndi tizilomboto.

Tizilombo ta m'dimba limodzi sitifanana tonse, monganso ana a nkhuku imodzi safanana. Mwa zikwizikwi mumapezeka towerengeka tobadwa ndi thupi lopirira poizoni. Mukapopera, tambiri timafa, koma topirira tija timatsala n'kuswana, ndipo ana ake amatengera makolo. Kukatentha, kangaude wofiira amakula n'kuyamba kuikira mazira pasanathe masabata awiri, choncho nyengo imodzi imaona mibadwo yambiri. Mukamabwereza mankhwala omwewo, m'dimba mumadzaza zidzukulu za topirira tija. Mankhwala saphunzitsa kachilombo kulimba, amangosankha totsala.

Izi ndi zomwe Mngelezi wina, Charles Darwin, anafotokoza m'buku lake mu 1859. Iye anati zamoyo zimasintha pang'onopang'ono pa mibadwo yambiri, chifukwa zomwe zikugwirizana ndi malo ake ndizo zimapulumuka n'kusiya ana ochuluka. Zina mwa nzeruzi anazitola kwa alimi ndi oweta nkhunda.

Ifenso ntchito yosankhayi timaidziwa. Agogo anga ankapatula chimanga chikuluchikulu chodzaza bwino n'kuchipachika pautsi kuti chikhale mbewu. Chimanga chenichenicho chinayamba motero. Zaka pafupifupi 9,000 zapitazo ku Mexico chinali udzu wa kutchire wotchedwa teosinte, wobala tinjere towerengeka tolimba ngati miyala. Alimi akumeneko anasankha mbewu chaka ndi chaka mpaka udzu uja unasanduka chimanga chomwe tikudya nsima yake lero.

Akuluakulu akukumbukiranso za chloroquine. Mankhwalawa atayamba kulephera kuchiza malungo, dziko lathu linawasiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar. Pofika 2001, ofufuza ku Blantyre sankapezanso tizilombo ta malungo topirira chloroquine mwa odwala omwe ankawayeza. Mankhwala aja atachoka, kupirira kunalibenso phindu, ndipo tizilombo wamba tinachulukanso. Sindikuti tibwerere ku chloroquine ayi, za malungo tizimvera achipatala. Phunziro lake n'lakuti mankhwala akapumitsidwa, nthawi zina mphamvu yake imabwerera.

Nanga tichitenji kudimba? Choyamba, tisapopere mwachizolowezi. Tiyambe tayendera mbewu n'kuona kunsi kwa masamba ngati tizilombo tilipodi. Chachiwiri, titsate muyeso wolembedwa pabotolo, osachepetsa pofuna kusunga ndalama, osawonjezeranso. Chachitatu, tizisinthasintha mankhwala. Koma chenjerani, mabotolo awiri a mayina osiyana atha kukhala ndi poizoni mmodzimodzi, ndiye funsani alangizi musanagule. Chachinayi, tikatha kukolola tizule mitengo ya matimati n'kuitentha, ndipo pamalopo tibzalepo mbewu ina monga anyezi kapena chimanga.

Ine chaka chino bedi lomwe linali la matimati ndaikapo anyezi, ndipo botolo lakale lija ndayamba ndalipumitsa. Nanunso musanathamangire kukagula lachinayi, kaonaneni ndi alangizi a m'dera lanu.