Za Kuyoyoka kwa Masamba a Mapichesi Nyengo Yace Isanafike

Inu eni mabanja a ku mapiri a Dedza ndi Tsangano, amene muli ndi mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba zanu, tamverani. Pichesi ndi mtengo wocokera ku China, mbale wace wa pulamu ndi wa cheri, uja anthu a ku Japan amaubzala cifukwa ca maluwa ace. Ndipo mitengo ya mtundu umenewu imataya masamba kamodzi pa caka. Kuno nthawi yace ndiyo Meyi ndi Juni, poyamba cisanu. Pamenepo palibe codetsa nkhawa, pakuti mtengo ulikugona. Koma masamba akayoyoka mu Febuluwale, mvula iri mkati, dziwani kuti mtengo wadwala.

Kapena mudzati, Nanga pali kanthu, popeza zipatso tinathyola kale mu Disembala? Kanthu kalipo ndithu. Tsamba ndilo liphikira mtengo cakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo cimene liphika m'dzinja, zipatso zitatha, mtengo ucisunga m'nthambi ndi m'mizu, monga inu musunga cimanga m'nkhokwe. Maluwa a mu Julaye ndi Ogasiti adya za m'nkhokwe imeneyo. Tsono mtengo wotaya masamba msanga ulowa m'cisanu wopanda cakudya. Nthawi zina ucita maluwa pa nyengo yosayenera, ndipo zipatso za caka camawa zicepa.

Musanagule mankhwala, yambani mwafunsa tsamba lomwe. Tolani limodzi, mulitembenuze.

Mukaona timawanga tacikasu pamwamba, ndi kunsi kwace ufa wofiirira umene udetsa nsaru yoyera mukaupukuta, imeneyo ndi nthenda ya dzimbiri. Ibwera ndi cuku ca mtundu wace, cimene mbeu zace ziuluka ndi mphepo, nizimera pa tsamba lonyowa masiku ofunda. Iyi ndiyo imavula mapichesi ambiri m'dzinja.

Mukaona timabowo tozungulira, ngati tsamba analiboola ndi zipolopolo zazing'ono, musafulumire kunena kuti ndi mbozi. Kawirikawiri pabowo panali banga la nthenda, ndipo linauma nkugwa.

Koma tsamba likangosanduka lacikasu lonse, lopanda ufa, lopandanso mabowo, funani cifukwa cace pansi. Mizu ya pichesi siipirira madzi oima. Ikakhala m'matope masiku angapo iyamba kuola. Fukulaninso muzu umodzi waung'ono. Ukakhala ndi timfundo totupa, monga muona pa mizu ya matimati ndi fodya, alowamo anyongolotsi osaoneka ndi maso. Ndipo masamba akafota nagwa mu Okutobala, mtengo uli ndi zipatso, limenelo ndi ludzu.

Tsono citani izi.

1. Sesani masamba onse odwala, muwakwirire m'dzenje lakuya kapena kuwatentha kutali ndi mtengo. Ocepa amene atsalira pa nthambi m'cisanu muwathothole, cifukwa nthenda igonera m'menemo kudikira masamba atsopano.

2. Mu Juni kapena Julaye, mtengo uli mtulo, dulirani nthambi zouma ndi zopingasana, pakati pa mtengo pakhale potseguka ngati dengu. Mphepo ndi dzuwa zikalowa, masamba auma msanga mvula ikakata, ndipo dzimbiri lisowa pomera.

3. Pobzala mitengo yatsopano siyani mamita 5 pakati pa mtengo ndi unzace. Sankhani malo otsetsereka pang'ono, osati m'dambo, osatinso pamene panali matimati kapena fodya. Mtengo umene uli kale pa malo a madzi muukumbire ngalande.

4. Thirani manyowa owola bwino mozungulira pamene palekeza mthunzi wa nthambi, ndipo phimbirani ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa ciswe ndi kuola. M'cirimwe thirirani madzi ambiri kamodzi pa sabata. Kuposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku.

5. Dzimbiri likayamba kuoneka, poperani mankhwala a salufa kapena Dithane, kunsi kwa masamba makamaka, potsata muyeso ndi masiku olembedwa pa paketi. Musapope salufa dzuwa liri lotentha. Mankhwala a kopa, monga aja ochedwa Bordeaux, ndi a pa nthawi ya cisanu mtengo uli wopanda masamba, pakuti kopa atentha tsamba laliwisi la pichesi.

Kumbukirani kuti mankhwala sabweza tsamba limene lagwa; angoteteza otsala. Cifukwa cace musadikire kuti mtengo uvulidwe. Kuyambira Januwale, tsiku limodzi pa sabata, pocokera kumunda, imani pa mtengo wanu, mutembenuze masamba 10 a nthambi za m'munsi. Ndi nchito yaing'ono, mwana wa sukulu angaikhoze; ndipo mtengo umene usunga masamba ace kufikira Meyi ndiwo udzadzaza dengu lanu mu Novembala.