Khomo la Chipatala Lisasanduke Msampha kwa Olumala

Munthu amapita ku chipatala kukafuna moyo, koma alipo ena amene amavulala asanaonane n'komwe ndi dokotala. Ngozi zotere zimachitikira pakhomo penipeni, ndipo kawirikawiri zimagwera anthu olumala, okalamba ndi osaona. Kalembera wa chaka cha 2018 anasonyeza kuti m'dziko muno anthu 10 mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kapena kuposerapo ali ndi ulumali. Motero nkhaniyi ikukhudza mudzi uliwonse.

Pa chipatala chaching'ono monga cha Malomo m'boma la Ntchisi, zitseko zimatsegulidwa ndi manja. Zoopsa zake n'zodziwika: chitseko cholemera chimene mphepo ingachimenyetse mwadzidzidzi, masitepe aatali, ndi simenti yoterera m'nyengo ya dzinja. Woyendera ndodo ziwiri alibe dzanja lina logwirira chitseko. Nayenso wokhala pa njinga ya olumala sangakwere sitepe, ngakhale imodzi yokha.

Wodwala akatumizidwa ku Lilongwe angakumanenso ndi mtundu wina wa chitseko, umene umapezeka m'nyumba zina zazikulu za m'mizinda. Chitsekochi chimayendera magetsi, ndipo pamwamba pake pali kachipangizo kozindikira munthu akamayandikira. Chimatseguka chokha, nkutsekekanso pakapita kamphindi. Kachipangizoko kakawonongeka, chitseko chingapanikize munthu woyenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake womuperekeza ayenera kuyenda pambali pa wodwala mpaka onse awiri atadutsa.

Kodi munthu akavulala chotere, mlandu ndi wa yani? Ambiri amangoti ndi tsoka, ena amadzudzula wolumalayo kuti sanasamale. Lamulo silinena chomwecho. Mwini nyumba imene anthu amalowamo ali ndi udindo woonetsetsa kuti olowamo sakupwetekeka ndi zinthu zimene iye akanatha kukonza. Malamulo aakulu a dziko a chaka cha 1994 amaletsa kusala munthu kaamba ka ulumali. M'chaka cha 2009 Malaŵi anavomereza pangano la United Nations loteteza olumala, ndipo m'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lonena kuti olumala azifika mosavuta m'malo othandizira anthu. Lamulo latsopano linalowa m'malo mwake m'chaka cha 2024.

Pofuna kupewa ngozi, khomo likhale lotambalala masentimita 90 kuti njinga idutse. Pambali pa masitepe pamangidwe njira yotsetsereka ya simenti, yokhala ndi chitsulo chogwirira. Njirayi isakhale yoimirira: pa sitepe yotalika masentimita 10, njira italike masentimita 120. Masana chitseko chikoledwe ku khoma ndi ngowe, ndipo ogulitsa malonda ndi oimika njinga asatseke njira ya odwala.

Ngozi ikachitika, wovulala athandizidwe msanga, ndipo bala lake lilembedwe m'buku lake la ku chipatala pamodzi ndi tsiku. Achibale asunge maina a anthu amene anaona. Dandaulo liperekedwe kwa mkulu wa chipatalacho kapena kwa komiti yoyang'anira chipatala, imene mamembala ake ndi anthu a m'midzi yomweyo. Kuyambira chaka cha 2018 kulinso maofesala olandira madandaulo a odwala m'zipatala, otchedwa Hospital Ombudsman. Wofuna chipepeso koma alibe ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo asazengereze, pakuti lamulo limaika malire a nthawi yokasumira.

Kudandaula si mwano kwa anamwino kapena madokotala. Chitseko chimene chavulaza mmodzi lero chidzavulazanso wina mawa ngati onse akhala chete. Iye amene aona hinjesi yothyoka kapena sitepe yogumuka auze komiti tsiku lomwelo, munthu asanagwe.