Kambale kotsala m'beseni: kodi injini itsegulidwenso?

Ovaholo ikatha, palibe chimene chimadetsa nkhawa mwini galimoto kuposa kuona kachitsulo kotsala m'beseni lotsukira zitsulo. Kawirikawiri kamakhala kambale kopyapyala kobooka pakati, kamene ife amakaniko timakatcha oil slinger. Mudzakapeza m'mainjini akale oyendera timing chain, monga a Land Rover Series, Morris Minor ndi Datsun 1200.

Kambaleka kamakhala kumphuno kwa crankshaft, pakati pa giya ya tcheni ndi chivundikiro cha kutsogolo. Crankshaft ikamazungulira, nako kamazungulira, ndipo oilo aliyense wokakhudza amaponyedwa kutali, monga momwe tayala la njinga limamwazira madzi pa msewu wonyowa. Oiloyo amamenya khoma la chivundikiro n'kutsetserekera m'sampu, osafika wambiri pa oil seal. M'mainjini ena, oilo womwazikayo amanyowetsanso tcheni.

Choyamba, mtima ukhale m'malo. Kambaleka sikapopa oilo. Ma bearing amalandira oilo kuchokera ku pampu kudzera m'tinjira ta mkati mwa buloko, choncho injini singanoke chifukwa choti kasowa. Chimene chili pa ngozi ndi seal ya kutsogolo.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mainjini akale ambiri ankatsekedwa ndi seal ya chingwe kapena ya nsalu yopsinja. Seal yotero imamwa oilo, ndipo akaichulukira imayamba kudontha. Pa injini yotereyi sindilola kuti galimoto ituluke m'galaja popanda kambaleka. Seal zambiri za masiku ano n'za labala, zili ndi mlomo wothina ndi kasipuling'i kozungulira mkati, ndipo zimaugwira oilo pazokha. N'chifukwa chake opanga ena anasiya kuika kambaleka, ndipo mainjini ambiri a timing belt alibe n'komwe kutsogoloku.

Komabe pali china chimene ambiri sachiganizira: kuchindikala kwake. Bawuti wamkulu wa pulley amapanikiza giya, kambale ndi pulley pamodzi. Kambale kakachoka, pulley imalowa mkati pang'ono. Pa injini zina fani belt imayamba kuyenda mopendekeka n'kumadyeka m'mbali, ndipo mlomo wa seal umagwira pamalo pena.

Langizo langa ndi ili. Ngati injini ikadali pansi, itsegulidwe. Mtengo wake ndi gasket imodzi ndi ntchito yochepa, pamene ikakwera m'galimoto mungafunike kukhetsa madzi, kuchotsa radiator ndi zina zambiri. Poika, makaniko aone buku la injiniyo, chifukwa kambale kotembenuzidwa kamakhula chivundikiro kapena tcheni n'kuthira tizitsulo mu oilo. Kukaika molakwika n'koipa kuposa kukaiwala.

Ngati injini yakwera kale ndipo seal yake ndi ya labala, yatsopano, yendani koma muziyang'ana kuseri kwa pulley m'masabata oyamba. Pakanyowa, musathamangire kuloza chala kambale. Paipi yopumira injini ikatsekeka, mpweya umadzaza mkati n'kukankha oilo pa seal. Pulley yodyeka mzere pamene seal imakhudza nayonso imadontha, kambale kalipo kapena ayi.

Kwa amakaniko anzanga ndikuti: mwini galimoto auzidwe zoona tsiku lomwelo. Kwa inu eni ake, funsani kuona zitsulo zonse zotsala musanalipire, ndipo pa chilichonse makaniko akuuzeni chifukwa chake sichinabwerere m'injini.