Mkaka woyamba ndi chigodola: zimene magazi a kankhumba amaulula

ULÓNGUÈ. Chigodola chikamveka m'mudzi, mlimi wa nkhumba ku Angónia sagona tulo. Nkhumba yatentha thupi, yakana gaga, makutu afiira, pakapita masiku owerengeka yafa. Nkhawa imakula ngati m'kholamo muli yaikazi yomwe yangoswa kumene. Kodi ana akewo ali ndi mphamvu yotani yolimbana ndi matenda, ndipo mphamvuyo ingayezedwe bwanji?

Kankhumba kamabadwa pakatha masiku 114, ndipo kamabadwa kopanda chitetezo. Mwana wa munthu amalandira chitetezo kwa mayi ake akadali m'mimba. Kwa nkhumba njira imeneyi ndi yotseka. Chitetezo chonse chili mu mkaka woyamba, wachikasu uja wokhathamira. Matumbo a kankhumba amalola chitetezocho kulowa m'magazi kwa tsiku limodzi, mwina ndi theka. Nthawi imeneyi ikadutsa, khomo latsekeka. Ngakhale kayamwe mpaka mimba kutuluka, kangokhuta basi.

Muyeso woyamba sufuna dotolo. Ufuna sikelo. Mlimi ayeze kankhumba kakangobadwa, adzakayezenso mawa lake nthawi yomweyo. Kakalemerako, kayamwa. Kakapepuka, kaphonya, ndipo nthawi zambiri kamakhala kaja kobadwa komaliza kapena kakang'ono kokankhidwa ndi anzake. Akatswiri amawerengera kuti kankhumba ka mtundu wachizungu kamafunika magalamu 200 kapena 250 a mkakawu tsiku loyamba. Ndiye mwezi wa Juni, ndi kuzizira kwa ku Dómuè kuja, kankhumba kozizidwa sikakhala ndi mphamvu yofunafuna bere. Udzu wouma m'khola ndi mankhwala ndithu.

Muyeso wachiwiri ndi wa magazi. Dotolo wa ziweto amatenga timadontho pang'ono kankhumba kakakwana tsiku limodzi, n'kupatula madzi a magaziwo, kuti aone kuchuluka kwa chitetezo chimene chalowa. Palinso kuyeza kwa kulabotale kotchedwa ELISA, komwe kumasonyeza ngati m'magazi muli chitetezo cholimbana ndi kachilombo ka chigodola penipeni.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Chitetezo chikapezeka mwa kankhumba ka masabata awiri, sindiye kuti kanadwala n'kuchira. Chingakhale cha make, chobwereka, ndipo chimatha pang'onopang'ono. Komanso mkaka woyamba umathandiza kwambiri pa kutsegula m'mimba ndi matenda ena a m'khola, koma pa chigodola si wodalirika.

Angónia ili ndi mbiri yake pa nkhani imeneyi. Chigodola chakhazikika kuno zaka zambiri, monganso tsidya lina ku Mchinji m'dziko la Malawi, kumene nkhufi za m'makola zinapezeka ndi kachilomboka. Mu 1994 matendawa anawoloka mtsinje wa Save n'kufika mpaka ku Maputo. Koma kuno akatswiri anadabwa kupeza nkhumba zambiri zonenepa bwino, zikudya, pamene magazi ake akusonyeza kuti zinakumanapo ndi chigodola. Anaganiza kuti mwina ndi mphamvu ya kumtundu, yoti ana angatengere.

Anagula nkhumba zina, n'kuzisunga pamalo otsekedwa kuti ziswane. Ana ake anawatumiza ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria ku South Africa, ndipo anawapatsa kachilomboka mwadala. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2004. Mwa ana 105, anafa 104. Anatsala mmodzi yekha. Choncho mlimi amene akugula kankhumba pa mtengo wokwera chifukwa make anapulumuka chigodola, akugula chiyembekezo chabe.

Chigodola chilibe mankhwala ochiza. Dziko la Vietnam linavomereza katemera wake mu 2023, koma mlimi wa kuno asadikire jekeseni. Kachilomboka sikadwalitsa munthu, komabe munthu ndiye amakanyamula: ku nsapato, pa mpeni, mu nyama yogula yotchipa pamsika, m'makombo oponyera nkhumba. Nkhumba yaikazi yoswa ikhale m'khola lake, asalowemo alendo, makombo aphikidwe mpaka kuwira, ndipo yakufa ikwiriridwe m'dzenje lakuya, osati kugawana ndi abale. Ikafa yoyamba, uthenga upite msanga kwa a zaulimi a m'boma kuti adzatenge magazi zisanathe zonse.