NYEMBA ZOKANYA NDI ZOKAZINGA

Mwezi ukafika pakati, m'nyumba zambiri za ku Natuseko nyama ndi nsomba zisowa, ndipo cimene citsala m'citini ndi nyemba. Ana ayamba kunyinyirika kuti ndiwo ndi zomwezomwezo, ndipo zotsala mu mphika zisasa ndi kutentha, nizitayidwa. Koma kulipo kaphikidwe kena kamene kathetsa madandaulo awiri onsewa.

Kwao kweni kweni kwa nyemba ndi ku America, makamaka ku Mexico ndi ku mapiri a Andes, ndipo zinafika mu Africa ndi zombo za amalonda citapita caka ca 1500. Anthu a ku Mexico ali ndi cakudya cimene dzina lake ndi frijoles refritos, ndiko kunena kuti nyemba zokazinga bwino. Amai a ku Chipata ndi ku Malawi sangadabwe naco, pakuti cifanana ndi cipere. Kusiyana kwake ndi kwakuti pophika cipere acotsa makoko, koma izi makoko akhala momwemo, ndipo potsiriza azikazinga m'mafuta.

Nchito iyamba madzulo. Mai atenge makapu 2 a nyemba, kaya za Kabulangeti kaya za Solwezi, acotse timiyala ndi zofumbwa, azitsuke, naziviike m'madzi usiku wonse. Nyemba zoviika zipsa msanga, motero makala sapita ambiri. M'mawa ataye madziwo nathire ena. Mphika uwire kolimba mphindi 10 zoyamba, cifukwa nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi ululu wosanzitsa ndi wotsegula m'mimba umene utha ndi moto waukulu wokha. Pambuyo pake ziwire pang'ono pang'ono kufikira zitaphwanyika pakati pa zala. Soda asathiremo ai. Afewetsadi msanga, koma aononga vitamini B1.

Zitapsa, mai atsanule msuzi m'mbale, asautaye. Aike ciwaya pa mbaula, athire masupuni 3 a mafuta, akazinge anyezi mmodzi kufikira atafiira, naonjeze tomato, mcere ndi tsabola. Tsono athiremo nyemba, azikanye ndi mthiko, nathire msuzi uja pang'ono pang'ono alikutakasa. Apa mpofunika kudekha: moto ukacuruka zipserera pansi, msuzi ukacepa ziuma ngati cigumu. Zakhala bwino pamene mthiko usiya kanjira pansi pa ciwaya, kanjirako nikatsekeka mosafulumira. Mafuta akasowa, nsinjiro zilowa m'malo mwake.

Ndiwo zotere zikoma ndi nsima kapena mpunga, ndipo munthu wopita ku nchito angathe kuzipaka pa buledi. Nyemba zotsala masana azikazinge comweci madzulo, zitenthe ndithu mpaka m'kati. Koma zimene zayamba kale kusasa ndi kucita thobvu, ciwaya sicizikonza, zimenezo nzotaya.

Kwa anthu a ku Kabwe nkhaniyi ili ndi mbali yina yolemera. Mtovu unapezeka pa Broken Hill mu 1902, ndipo ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, pfumbi lake likali m'dothi, makamaka ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu uononga nzeru za mwana, ndipo thupi limene liperewera ayironi, uja apanga mwazi, litenga mtovu wocuruka koposa. Nyemba zili naye ayironiyo, ndipo tomato kapena madzi a ndimu athandiza thupi kuti limulandire. Zikakanyidwa, ngakhale mwana wongoyamba kudya azimeza bwino, malinga tsabola asakhalemo.

Komabe nyemba si mankhwala. Mwana wokaikitsa apite naye ku cipatala kuti akamupime mwazi. Pakhomo, nyemba asaziyanike pa dothi, mphika ukhale wobvundikira, ndipo ana asambe m'manja asanakhale pa mphasa kudya.