Kukonza Ulendo wa Tsiku Limodzi Wokaona Zomba

Aphunzitsi ambiri akamva za ulendo wa sukulu amayamba kuganiza za basi ndi kamba wa panjira. Zimenezi n'zofunika ndithu, koma ife timalangiza kuti mphunzitsi ayambe ndi funso limene ana akayankhe kumeneko. Makolo amasonkha ndalama za ulendo movutikira, ena mpaka kugulitsa nkhuku. Tsono si bwino kuti mwana abwereko akungokumbukira mandasi amene adadya pa depoti. Pano titenga chitsanzo cha ana a Sitandade 7 ochokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 65, opita kukaona Zomba, likulu lakale la dziko lino.

Funso loyenera mzindawu ndi ili: n'chifukwa chiyani atsamunda adakhazika boma patsinde pa phiri la Zomba, nanga n'chifukwa chiyani boma lidachokapo? Ulendo usanachitike, ana aphunzire mfundo zoŵerengeka zokha. Mu 1891 Harry Johnston adakhazika ku Zomba likulu la British Central Africa Protectorate, dziko limene lidadzatchedwa Nyasaland mu 1907. Mu 1975 likulu lidasamukira ku Lilongwe, ngakhale aphungu a Nyumba ya Malamulo adapitirizabe kukumana ku Zomba mpaka 1994. Zifukwa zake tisawauze. Akazifufuze okha ndi maso ao.

Tsiku ndi lalifupi, motero malo atatu ndi okwana. Poloŵa mu mzinda kuchokera ku Blantyre, tiime kaye pa chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mphindi 20 zikwana. Popeza kampu ya asilikali ya Cobbe ili pafupi, ana achenjezedwe kuti asajambule zithunzi mwachisawawa.

Nthaŵi yochuluka ithere pa malo achiŵiri, kumtunda kwa mzinda kumene kuli nyumba zakale za boma. Pano ana atsike basi, ayende pansi. Akaone nyumba imene John Buchanan adamanga mu 1886, imene Johnston adadzakhalamo. Anthu adaitcha Masongola chifukwa cha nsanja zake zosongoka, ndipo pambuyo pake idasanduka hotela. Chapafupi pali Nyumba ya Malamulo yakale, ndiponso munda wa mitengo ndi maluŵa umene Alexander Whyte adayambitsa mu 1891 kuti aziyeseramo mbewu zachilendo. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa m'mundamo. Tiwafunse ana kuti: madzi aŵa akuchokera kuti, nanga amaphwa m'chilimwe? Kodi pano n'potentha ngati ku depoti? Nanga pamene bwanamkubwa ndi akalaliki achizungu ankagona kumtunda kuno, Amalaŵi ophika ndi operekera makalata ankagona mbali iti ya mzinda? Funso lotsirizali timalikonda koposa, pakuti limaonetsa mwana kuti mbiri imalembedwanso pa kakhalidwe ka nyumba ndi misewu. Nkhomaliro idyedwe m'munda momwemo, ndipo zinyalala zitoledwe.

Kenaka tikwere phiri. Kuchokera pamwamba ana adzaona mzinda wonse utapanikizika patsinde, ndipo kukakhala kopanda chifunga adzaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Apa atulutse mapu a Malaŵi, ayeze mtunda wochoka ku Zomba kukafika ku Karonga, auyerekeze ndi wochoka ku Lilongwe. Theka lachiŵiri la funso lija adzaliyankha okha. Malo otchuka oonerapo ndi Emperor's View, amene adatchedwa choncho pokumbukira ulendo wa Haile Selassie wa mu 1965, koma msewu wake ndi wafumbi ndipo si galimoto iliyonse ingafikeko. Basi ikakhala yaikulu, tikhutire ndi malo oonerapo a m'mbali mwa msewu wa tala, cha ku hotela ya Ku Chawe.

Ichi ndicho chifukwa chake mphunzitsi ayenera kupitako yekha ulendo usanachitike. Akayese nthaŵi ya pakati pa malo ndi malo, akafunse ngati pali polipira, akaone kumene kuli zimbudzi, ndiponso akapemphe chilolezo kwa osunga nyumba zakale zija. Atabwerako ndi pamene angauze mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu mtengo weniweni, ndi kulemba makalata opempha chilolezo kwa makolo.

Ulendowu uchitike m'chilimwe. Nthaŵi ya mvula phiri limaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Anthu a ku Zomba sanaiŵale Napolo wa mu 1946. Mu Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira kwambiri, choncho ana atenge majuzi. Munthu wamkulu mmodzi ayang'anire ana osapitirira khumi, aziwaitana maina nthaŵi iliyonse pokwera basi, ndipo pofika 3 koloko masana akhale atayamba kutsika phiri.

M'maŵa mwake ana akhale m'magulu, gulu lina liteteze maganizo a Johnston, lina a boma la mu 1975. Gulu lililonse litchule zinthu zitatu zimene lidaona ndi maso, ndipo zimene zalembedwa m'makope ao ndizo zikhale umboni.